Mivi ya maleni ituluke liti dalaivala asanafike pa mphambano?

Mwafunsa nthawi yoyenera kuti pulogalamu yanu yolondolera njira ionetse chithunzi cha maleni, ndipo mwati pakadali pano chimatuluka pakatsala mamita 300 pa mphambano iliyonse. Vuto lagona pa nambala imodziyo. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi, choncho mamita 300 amatha m'masekondi 11 okha. Yoyenda makilomita 30 pa ola imatenga masekondi 36 pa mtunda womwewo, ndipo ingadutse timisewu tiwiri kapena titatu isanafike pokhotera penipeni. Woyamba mwamuchedwetsa, wachiwiri mwamusokoneza. Muziwerengera nthawi, ndipo mtunda uzichokera pa nthawiyo.

Kawerengedwe koyambira ndi aka. Patsani dalaivala masekondi 2 oti aone sikirini ndi kumvetsa. Malangizo amene bungwe la NHTSA, loona za chitetezo cha pamsewu ku America, linatulutsa mu 2013 amati maso asachoke pamsewu kupitirira masekondi 2 nthawi imodzi, ndiye chithunzi chanu chizimveka m'kanthawi kameneko. Onjezani sekondi 1 chifukwa mafoni ambiri amalandira malo kuchokera ku GPS kamodzi pa sekondi, ndipo kadontho ka pamapu kamatsalira m'mbuyo pang'ono. Kenako ikani masekondi 6 pa leni iliyonse yomwe munthu angafunike kuwoloka: kuyang'ana pagalasi, kuyatsa indiketa, kudikira mpata, n'kulowa. Masekondi 6 amenewa ndi poyambira chabe, mudzawasintha mukayesa pamsewu.

Nanga maleni oti awoloke mudziwa bwanji kuti ndi angati? Simungadziwe. GPS ya foni imaphonya ndi mamita pafupifupi 5 ngakhale kumwamba kuli poyera, ndipo pakati pa nyumba zosanja imaphonya kuposa apo, pomwe leni imodzi ndi yotambalala mamita 3 kapena 3.5 basi. Choncho ganizani kuti dalaivala ali mu leni yakutali kwambiri. Pamsewu wa maleni 4 pomwe potulukira pali kumapeto, awoloka katatu: masekondi 18 kuphatikiza 3 aja, onse 21. Pa liwiro la 100 ndi mamita pafupifupi 580. M'tauni, maleni 3 pa liwiro la 50, ndi masekondi 15, mamita pafupifupi 210.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: mtunda umenewu musauyeze kuchokera pakati pa mphambano. Uyambire pomwe mzere wodukizadukiza wasanduka wosadukiza, kapena pomwe msewu wayamba kugawikana, chifukwa kuchokera pamenepo kusintha leni n'koletsedwa kale. Ngati mapu anu alibe malo amenewo, onjezani mamita 50 m'tauni ndi 150 pamsewu wothamanga kuti mukhale ndi mpata.

Liwiro lomwe mukuwerengera lisakhale la sekondi yomweyo. Tengani la masekondi 5 mpaka 10 apitawo n'kupeza lapakati, apo ayi chithunzi chidzayamba kuphethira nthawi iliyonse munthu akaponda buleki. Chikangotuluka chikhale mpaka adutse. Ndipo ikani mtunda wochepetsetsa, mwina mamita 150 m'tauni. Pamndandanda wa magalimoto oyenda makilomita 5 pa ola, masamu aja angakupatseni mamita 20 okha, pomwe mzere wa okhota unayambira kutali ndipo palibe amene angamulole kulowa kutsogolo.

Kufulumira nakonso kuli ndi msampha wake, ndipo ine ndimauona ngati woopsa kuposa kuchedwa. Misewu ina imakhala ya maleni 2, kenako n'kutambasuka kufika 4 pafupi ndi mphambano. Mukaonetsa mivi 4 munthu akuona maleni 2 kutsogolo kwake, amayamba kuwerenga ndi maso, ndipo maso amenewo achoka pamsewu. Choipa china, pakakhala mphambano ina pakati, amayesa kuti mivi ija ndi ya pamenepo n'kukhota msanga. Njira yake ndi kugawa uthengawo pawiri. Kukadali kutali, mawu okha anene kuti "khalani kumanja". Mivi ituluke akadutsa mphambano yomaliza ya pakati, pomwe chiwerengero cha maleni a pansi chafanana ndi cha pa sikirini.

Pali malo omwe simuyenera kuonetsa chilichonse: msewu wa leni imodzi, ndiponso pomwe maleni onse akupita komwe munthu akulowera. Mukamaonetsa paliponse, dalaivala amazolowera n'kusiya kuyang'ana. Komabe musaiwale amene akungopita chindunji. Leni yomwe alimo ikhoza kusanduka yokhota yokha kutsogolo, ndiye mivi ikufunika ngakhale palibe pokhota pa njira yake. Mapulogalamu omwe amamangirira maleni ku lamulo lokhota lokha amaphonya zimenezi.

Ngati mukugwiritsa ntchito OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti, komwe leni iliyonse ikulowera kumalembedwa mu chizindikiro cha turn:lanes, kuyambira kumanzere kupita kumanja molingana ndi komwe galimoto ikulowera, mwachitsanzo left|through|through;right (maleni atatu: yokhotera kumanzere, yopita chindunji, ndi yopita chindunji kapena kumanja). Pamsewu wa mbali ziwiri pamakhala turn:lanes:forward ndi turn:lanes:backward, ndipo mukasokoneza ziwirizi mudzaonetsa mivi ya omwe akubwera kutsogolo. Yerekezani chiwerengero cha magawo olekanitsidwa ndi | ndi nambala ya mu chizindikiro cha lanes, chomwe chimanena kuchuluka kwa maleni. Zikasemphana popanda chifukwa chodziwika, monga leni ya njinga yomwe yawerengedwa nawo, bisani mivi, siyani muvi umodzi wokhota. Munthu amakhulupirira chithunzi kuposa mawu, choncho chithunzi cholakwika chingamulowetse mu leni yolakwika ali ndi mtima wonse.

Pokhota pawiri motsatizana, mwachitsanzo kumanja kenako kumanzere pasanathe mamita 150, musawalitse maleni onse ololedwa pa mphambano yoyamba. Walitsani okhawo omwe amusiye pamalo abwino okhotera kachiwiri. Kuti muwapeze, yambani kuwerengera pa mphambano yachiwiri n'kumabwerera m'mbuyo. OSRM, pulogalamu yopeza njira pa mapu a OpenStreetMap, imapereka kale mndandanda wa maleni pa mphambano zomwe mapu ali ndi uthengawu, leni iliyonse ili ndi indications (komwe ikulowera) ndi valid (ngati ikugwirizana ndi njira ya dalaivala), ndiye ntchito yanu yambiri ndi kusankha nthawi.

Pa raundabauti onetsani polowera pokha, ndipo chithunzi chisasinthe munthu ali mkati akupota chiwongolero. Pochotsa chithunzi pa mphambano iliyonse, dikirani malo awiri otsatizana a GPS otsimikiza kuti galimoto yalowa msewu watsopano, chifukwa pomwe misewu iwiri yangogawikana kumene imakhala yoyandikana kwambiri ndipo kadontho kamatha kudumphira ku msewu winawo kwa sekondi imodzi.