Nkhanu ikasiya kudya musathamangire kuitulutsa m'thanki

Achemwali, mwafunsa zoti muchite ndi nkhanu yanu ya m'thanki imene yasiya kudya. Musaigwire nkhanuyo, ndipo musakhuthule madzi onse lero monga ena akukulangizirani. Nkhanu imene yasiya kudya masiku 3, n'kumangobisala pansi pa mwala mtundu wake utazilala, kawirikawiri imakhala ikukonzekera kufundula. Ine zimenezi ndinazidziwa bwino itandifera nkhanu yomwe ndinaisamalira miyezi 14.

Ndinaitola ili yaing'ono m'kamtsinje ka ku Bembeke, ndipo ndinkaisunga m'thanki yagalasi ya malita 60, momwe ndinathiramo mchenga wa mumtsinje womwewo, miyala, ndi phale la mphika loti izibisalamo. Ndinalinso ndi ina yaikulu, koma iyo inkakhala payokha m'beseni chifukwa zinkamenyana. Mu Julaye chaka chatha kunagwa maliro kwathu ku Nsipe, ku Ntcheu, ndipo nyumba yathu ya ku Dedza kuno tinawasiyira alamu anga. Yaing'onoyo inali itasiya kale kudya. Ndinawauza momveka bwino, kawiri konse, kuti m'thankimo asaikemo dzanja kapena chakudya mpaka nditabwera.

Ndinabwerako patatha masiku 4, dzuwa litalowa, kunja kukuzizira monga mmene Dedza amachitira mwezi umenewu. Ndisanalowe n'komwe m'nyumba ndinaona thanki ili pakhonde chovundikira, yotsukidwa mbee, ikununkhira sopo waufa. Mchenga unali utakhuthulidwa patsinde pa nthochi. Alamuwo anandiuza mosatekeseka kuti anaona nkhanu itafa chagada, ndiye anaitaya kudzala n'kuyamba kutsuka, koma pokhuthula mchenga anapezamo inanso yofewa, ndipo anaiponya m'beseni muja muli yaikulu, n'kuthiramo madzi a pampopi. Chomwe anataya kudzala chinali chigoba chabe. Yofewayo inali nkhanu yanga yomwe, itangofundula kumene.

Ndinathamangira kubeseni ndi tochi ya foni. Yaikulu inali itaipana pakati n'kumadya. Pa miyendo 8 yoyendera panatsala 3 yokha, dzanja limodzi lopanira linali litathothoka, ndipo msana wake, womwe unali wofewa ngati bowa, unali utabooka mbali imodzi. Inali ikadali moyo, timilomo take tikugwedezeka pang'onopang'ono. Ndinaitapa ndi chipande, chifukwa ngakhale chala chikanaibonyola, ndipo ndinaiika m'mbale ya madzi a pachitsime. Ndinakhala nayo pafupi mpaka usiku kwambiri ndikuyembekeza kuti mwina ipirira, popeza nkhanu imatha kumeranso mwendo ikadzafundula ulendo wina. Tambala woyamba asanalire inali itasiya kugwedezeka. Kutacha ndinapita kudzala ndipo chigoba chija ndinachipeza chathunthu, miyendo yonse ilipo, chili chotseguka kumbuyo kokha komwe inatulukira, chopepuka ngati khoko la mtedza.

Chomwe chimandipweteka mpaka lero ndi mawu amene alamu anga anandiyankha. Anati ndi kachilombo chabe, kumtsinje zilipo zambirimbiri, ndipo munthu wamkulu sangadandaule nkhanu pamene akuchokera kumaliro a munthu. Maliro ndinalira ndithu, ndipo sindikuyerekeza ziwirizi. Koma ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, foni anali nayo, manambala anga akuwadziwa, ndipo sanaimbe ngakhale kamodzi kuti afunse. Kupepesa sanapepese. Munthu akakusiyira nyumba wakusiyira ndi zonse zili m'menemo, kaya iwe ukuziona zopanda pake.

Tsono inu mvetsani mmene zimakhalira. Chigoba cha nkhanu sichikula, n'chifukwa chake imachivula kuti thupi likule, ndipo chatsopanocho chimatenga masiku angapo kuti chilimbe. Mukaona chinthu chooneka ngati nkhanu yakufa, yang'anani kaye ngati chili chopanda kanthu mkati. Yakufa yeniyeni siichedwa kununkha. Chigoba chakalecho musachitaye, chifukwa mwiniwake amachidya kuti abwezeretse m'thupi kashiamu, yemwe amalimbitsa chigoba. Muthanso kumaikamo kachidutswa ka chigoba cha dzira chotsukidwa bwino.

Za madzi ndinena motsindika. Madzi a pampopi amathiridwa klorini, yemwe amawononga ziwalo zimene nkhanu imapumira, choncho muziwatunga mu ndowa n'kuwasiya osavundikira tsiku lathunthu musanawathire. Sopo asayandikire thanki, ngakhale wotsalira m'manja mwanu. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu nawonso amapha nkhanu, ndiye musapopere m'chipinda chomwe ilimo. Chimodzimodzi ndowa imene munasungunuliramo mankhwala a mbatata kapena a tomato, zomwe kuno kwathu zili pafupifupi khomo lililonse. Madzi muzisintha sabata iliyonse osaphonya, gawo limodzi mwa magawo 4, chifukwa chakudya chotsalira chikavunda chimaipitsa madzi msanga, ndipo ngati anu ayamba kale kununkha, tapani pang'ono lero lomwe ndi kapu chakutali ndi mwala umene yabisalako.

Chakudya chisachuluke. Kausipa kamodzi kopanda mchere, nyongolotsi, kapena katsamba ka mpiru kofutsa pang'ono, madzulo, chifukwa nkhanu imayenda usiku, ndipo chotsala muchichotse mmawa. Muikemo mwala wotulukira pamwamba pa madzi kuti izitha kukwera, makamaka magetsi akazima pampu ya mpweya n'kuima. Chivundikiro chikhale cholemera koma cholowa mpweya, poti nkhanu imakwera ngakhale pa kapaipi n'kutuluka, ndipo ikauma pansi pa kabati imafa.

Simunanene komwe yanu inachokera. Ya m'mitsinje ya kumapiri kuno imapirira kuzizira, koma ngati munaitenga kunyanja, mbali ya ku Mtakataka, inazolowera madzi ofunda a madigiri 24 kapena kuposerapo, ndipo Juni ndi Julaye wa pa Dedza angaifoole popanda chotenthetsera madzi.

Nkhanu muzisunga imodzi m'thanki imodzi. Ine pano ndili ndi ziwiri pamodzi, yaimuna ndi yaikazi, koma ndinaika mapale 5 ndi galasi lotchinga lomwe ndimalowetsa pakati imodzi ikangosiya kudya. Thanki yanu musaisiyire munthu wina aliyense, ngakhale wachibale. Mukakhala ndi ulendo wosapeweka, pezani mwana wa sukulu womvera, mumuonetse chigoba chakale ndi maso ake kuti adziwe mmene chimaonekera, ndipo mumusiyire mayunitsi oti akuimbireni asanakhudze chilichonse.