Galimoto zoyenda zokha ndi chiperoni cha ku Thyolo

Achimwene, mwafunsa ngati galimoto zopanda dalaivala zija mumaziona pa YouTube zingathe kukwera msewu wa Thyolo m'mawa wa chiperoni. Ine ndikuti pakadali pano ayi. Anthu ambiri athamangira kunena za maenje, koma chimene chimazisautsa kwambiri ndi nyengo.

Galimoto zimenezi zimadalira makamera, radar (kachipangizo kozindikira zinthu pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi), ndi kachipangizo ka padenga kotchedwa lidar. Lidar imaponya kuwala kwa laser, kuwalako kukagunda chinthu n'kubwerera, kompyuta imadziwa kutalika kwake. Tsono mu nkhungu kuwalako kumagunda timadontho tamadzi n'kubwerera msanga, galimoto n'kumayesa kuti kutsogolo kuli chinthu pomwe kulibe. Kamera ikathimbirira ndi mvula kapena matope imangokhala ngati diso la manthongo. Radar ndiye imaboola nkhungu, koma kusiyanitsa mbuzi ndi thumba la makala imalephera.

N'chifukwa chake a Waymo, kampani ya ku America ya galimoto zoyenda zokha, poyamba kunyamula anthu wamba popanda dalaivala mu 2020, anasankha Phoenix ku Arizona, dera louma kumene mvula ya chaka chonse ndi pafupifupi mamilimita 200. Imeneyo m'minda ya tiyi ya ku Mulanje kuno imatha kugwa masiku ochepa chabe. Atafika ku San Francisco, mzinda wa nkhungu, m'mawa wina mu 2023 galimoto zawo zingapo zinangoima pamsewu kudikira kuti kuyere, anthu kumbuyo ali ndiii.

Ndiye taganizani mwezi wa Juni, nthawi ya 5 koloko m'mawa, kuchoka pa Bvumbwe kulowera ku boma. Kuli mbee, kamvula kali waa. M'mbali mwa tala mukuyenda amayi opita kuntchito ku esiteti atafunda mapulasitiki, wakabaza alibe nyale, mzere woyera wapakati unafufutika kalekale. Dalaivala wa minibasi amatsitsa galasi, n'kumamvetsera, komanso amadziwa kale pakona pamene anthu amakonda kuwolokera. Kompyuta zimenezo iyenera kuchita kuphunzitsidwa, ndipo maphunziro ake ambiri inachitira m'misewu ya m'mayiko ngati America, osati ya kuno.

China n'chakuti galimotozi zimatsata mapu ojambulidwa kale mwatsatanetsatane, mpaka m'mphepete mwa msewu. Tonse tikukumbuka zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Mulanje ndi Phalombe: milatho kukokoloka, mitsinje kusintha njira usiku umodzi. Mapu akuti apa pali mlatho, pomwe pali phompho.

Zimene zatifika kale ndi zing'onozing'ono, monga mabuleki ogwira okha amene ali m'galimoto zina zochokera ku Japan. Koma ngakhale amenewo, yesani kuyenda nawo mu nkhungu yothithikana, nthawi zambiri muona uthenga pa dashibodi woti kamera sikuona ndipo yasiya kugwira ntchito.