Bambo awo sanabwerere usiku wa Nuremberg: kufufuza kuyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wakwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Lincoln, ku England. Andilola kuti ndiwayankhire pano. Mwachidule analemba kuti:

"Agogo ena amene ndimawasamalira anabadwa mu 1944, patapita miyezi ingapo bambo awo atasowa pankhondo. Chimene ali nacho ndi chithunzi chimodzi cha mnyamata wovala yunifolomu ya RAF, ndi telegalamu yonena kuti ndege yawo sinabwerere usiku wa pa 30 Marichi 1944. Mayi awo anakwatiwanso, ndipo nkhaniyi sinkakambidwa pakhomo. Tsopano akufuna adziwe kumene bambo awo anagona, iwo asanatsikire kulichete. Ine za nkhondo sindidziwa kalikonse. Ndiyambire pati?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndiponso chifukwa chosaitaya nkhani ya agogowa ngati zolongolola za ukalamba. Deti limene mwatchulalo likunena zambiri kale. Usiku wa pa 30 kuchezera pa 31 Marichi 1944, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege 795 za Bomber Command, nthambi yoponya mabomba ya RAF (gulu lankhondo la m'ndege la Britain), zinanyamuka ku England kukaphulitsa mzinda wa Nuremberg, ku Germany. Kunali mwezi, mitambo imene ankayembekezera kuti iwabise sinabwere, ndipo njira imene anawajambulira inali yaitali ndi yowongoka, moti ndege zankhondo za Germany zinawapeza mosavuta. Ndege 95 sizinabwerere, ndipo anyamata 545 anafa. Palibe usiku wina pankhondo yonseyo umene Bomber Command inataya ndege zambiri chotere. Ngati telegalamuyo ikunena za usiku umenewu, mwayi wanu ndi wakuti anthu ambiri anaufufuza kale, ndiye simukulowa m'tchire lopanda njira.

Musanatsegule kompyuta, khalani pansi ndi agogowo mulembe dzina lonse la bambo awo, monga likuonekera pa telegalamu, pamodzi ndi nambala yawo ya usilikali. Nambalayi muisunge ngati ndalama. Mayina a Azungu amafanana kwambiri, ndipo mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka ndi Bomber Command, 55,573 anafa. Ine ndinatayapo masabata awiri ndikutsata munthu wa dzina lofanana ndi amene ndinkamufuna, mpaka nambala inandionetsa kuti ndili pa manda a eni. Tembenuzaninso chithunzicho muone kuseri, ndipo muyang'ane pachifuwa pa yunifolomu. Mapiko awiri ndi a woyendetsa ndege. Phiko limodzi lokhala ndi zilembo limanena ntchito ina: N ndi wolondolera njira, B woponya mabomba, E injiniya, AG wowombera mfuti.

Khomo loyamba ndi webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali. Kufufuza kwake n'kwaulere. Mukalemba dzina ndi nambala mupeza udindo, squadron (gulu la ndege limene munthuyo ankatumikiramo), tsiku lomwalira, ndiponso manda kapena chipilala chimene dzinalo linalembedwapo. Musadabwe mukapeza kuti alemba 31 Marichi pamene telegalamu ikunena 30. Ndege zinkanyamuka usiku ndipo zambiri zinkagwa tsiku litasintha kale. Pansi pa tsambalo nthawi zambiri pamakhala zithunzi za mapepala akale. Muwatsegule. Nkhondo itatha, mitembo imene inaikidwa m'manda ang'onoang'ono a m'midzi ya ku Germany inafukulidwa n'kukaikidwanso m'manda akuluakulu monga Durnbach, Rheinberg, Reichswald Forest ndi Hanover, ndipo pepala la kusamutsako limatchula kumene munthuyo anaikidwa koyamba. Mudzi umenewo kawirikawiri uli pafupi ndi pamene ndege inagwera. Mukaona kuti alemba manda amodzi a anthu angapo, ndiye kuti sanathe kusiyanitsa mitembo, choncho anawagoneka pamodzi, aliyense ndi dzina lake pamwala.

Mwinanso mupeza kuti dzina lili pa Runnymede Memorial, pafupi ndi Windsor. Kumeneko kulibe manda. Ndi makoma a miyala okhala ndi mayina oposa 20,000 a anthu a m'ndege amene mitembo yawo sinapezeke kapena sinazindikirike. Ife timadziwa kulemera kwa maliro opanda mtembo, mudziwa momwe zimakhalira kunyanja bwato likapita osabwerako. Muwakonzekeretse agogowo kuti yankho likhoza kukhala limenelo.

Mukadziwa squadron, pitani ku National Archives, nkhokwe ya zolembedwa za boma la Britain imene ili ku Kew, mu London. Squadron iliyonse inkasunga buku la zochitika lotchedwa Operations Record Book, ndipo mabukuwa ali m'gulu la AIR 27. Anawajambula, ndiye mukhoza kuwatsitsa pa intaneti muli ku Lincoln komweko. Mwezi uliwonse uli ndi mbali ziwiri. Form 540 imafotokoza mwachidule za tsiku ndi tsiku pabwalo la ndege, pamene Form 541 imandandalika ndege imodziimodzi: nambala yake, mayina a onse amene anakwera, nthawi yonyamuka, nthawi yotera, ndi mawu ochepa a zimene zinachitika. Tsiku loyamba limene ndinaona tsamba lotere ndinakhala kaye chete. Ndege zina zonse zinali ndi nthawi ziwiri, koma imene ndinkaifuna inali ndi yonyamuka yokha. Malo a nthawi yotera anali oyera, ndipo pambali kalaliki anangotayipa kuti chinyamukireni sanamveko kanthu. Mukabwerera m'mbuyo masamba a miyezi yapitayo, mudzaona maulendo onse amene bambowo anayenda, ndi anzawo amene ankayenda nawo. Dziwani kuti makalaliki ankalakwitsa mayina ndi manambala a ndege, ena ankalemba mwachidule kwambiri, ndipo inki ina inazilala. Pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndiye pali mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse kuposa zonse. Bambo a agogowa sanali okha m'ndegemo. Ndege ya mtundu wa Lancaster, imene inkanyamuka m'mabwalo ambiri a ku Lincolnshire, inkanyamula anthu asanu ndi awiri, chimodzimodzi Halifax imene inali yochuluka ku Yorkshire: woyendetsa, injiniya, wolondolera njira, woponya mabomba, wa wayilesi, ndi owombera mfuti awiri, wina pamsana pa ndege wina kumchira. Anthu ambiri ofufuza wachibale amatsata dzina limodzi lokha, akafika pa malo oyera aja amagwa ulesi n'kusiya. Inu lembani mayina onse asanu ndi awiriwo, ndipo mufufuze aliyense ngati ndi wanu. Nkhani ya usiku umenewo kawirikawiri imapezeka m'fayilo ya mnzawo.

Chifukwa chake n'chakuti anyamatawa ankachokera m'mayiko osiyanasiyana. Mwa amene anafa, pafupifupi 10,000 anali a ku Canada ndipo oposa 3,000 a ku Australia. Ngati pa mndandanda wanu pali wina wolembedwa RAAF, kutanthauza gulu la m'ndege la Australia, mwatola chikwama. National Archives of Australia imasunga mafayilo a ovulala ndi osowa m'gulu la A705, ambiri anajambulidwa ndipo amawerengeka kwaulere. M'menemo mumapezeka kalata ya mkulu wa squadron, mauthenga a Red Cross ochokera ku Geneva otchula amene Ajeremani anawaika m'manda kapena kuwagwira, makalata a makolo ofunsa mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zambiri mumatchulidwa gulu lonse. Wolembedwa RCAF, gulu la m'ndege la Canada, fayilo yake ili ku Library and Archives Canada. Britain ili ndi mafayilo ake otere m'gulu la AIR 81 ku Kew, koma akhala akuwatulutsa pang'onopang'ono motsatira zaka kuyambira 1939, ndiye muyang'ane m'ndandanda wawo koma musayembekezere amenewo okha.

M'mafayilo omwewa ndi mmene mumakhala malipoti a Missing Research and Enquiry Service, gulu la RAF limene linakhazikitsidwa mu 1944 n'kugwira ntchito mpaka 1952, kufunafuna anthu a m'ndege pafupifupi 42,000 amene anasowa. Maofesala ake ankayenda mudzi ndi mudzi, kufunsa ameya, ansembe, alimi ndi okumba manda, kuwerenga manambala pa zidutswa za injini, ndi kufukula manda kuti azindikire munthu ndi mano, mphete, kapena nambala ya pa kolala ya malaya. Ndikupemphani chinthu chimodzi: lipoti lotere muyambe mwawerenga nokha musanawawerengere agogo. Limafotokoza mmene mtembo unalili popanda kubisa, ndipo mwana wa malemu ali ndi ufulu wosankha zimene akufuna kumva ndi zimene sakufuna.

Onaninso amene pa asanu ndi awiriwo sakupezeka pa mndandanda wa akufa. Amenewo anapulumuka. Mu Lancaster yowomberedwa ankapulumuka pafupifupi munthu mmodzi pa asanu ndi awiri, chifukwa kakhomo kothawira kanali kakang'ono kwa munthu wovala zovala zochindikala ndi parachuti. Mu Halifax anali pafupifupi mmodzi pa anayi. Wogwidwa ukaidi mukhoza kupeza khadi lake lolembedwa ndi Ajeremani ku Kew, m'gulu la WO 416, ndi mafunso amene anayankha atamasulidwa mu WO 344. Amene anazemba osagwidwa n'kubwerera kwawo anasiya lipoti mu WO 208. A ku Canada ndi a ku Australia ankafunsidwanso mwapadera za mmene ndege inagwera, ndipo mawu awo ndiwo amanena ngati moto unayambira paphiko, ngati woyendetsa analamula kuti adumphe, ndi amene anamuona komaliza ali moyo. Palibe pepala lina limene lingakufikitseni pafupi ndi mphindi zomaliza kuposa limenelo.

Buku la maulendo la bambowo, limene aliyense wa m'ndege ankalembamo yekha, ngati silili m'banjamo musalivutikire kwambiri, chifukwa ambiri amene achibale sanakawatenge anawonongedwa mu 1960. Koma fayilo ya utumiki wawo ilipo, ndipo agogowo monga mwana wa malemu akhoza kuipempha kudzera pa webusaiti ya boma la Britain. Imanena kumene anaphunzira. Musadzadabwe mukadzaona Thornhill, Kumalo, Cranborne kapena Belvedere, pakuti masauzande a anyamatawa anaphunzirira kuuluka ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero. Ndiponso squadron yoyamba kugwiritsa ntchito Lancaster inali 44, yotchedwa Rhodesia, ya pa Waddington pafupi ndi kwanuko. Mtsogoleri wake wodziwika, John Nettleton wobadwira ku Natal, analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya Britain ya kulimba mtima pankhondo, chifukwa cha ulendo wokaphulitsa mzinda wa Augsburg ku Germany pa 17 Epulo 1942, pamene ndege 7 mwa 12 sizinabwerere. Iye mwini anasowa mu Julayi 1943 pochokera ku Turin, ndipo ngakhale anali wotchuka chotere, chimene chilipo ndi dzina pa khoma la Runnymede basi.

Za pa intaneti chenjerani nazo pang'ono. Mudzapeza masamba onena motsimikiza kuti ndege yakutiyakuti inawomberedwa ndi msilikali wakutiwakuti wa ku Germany, pa mphindi yakutiyakuti. Ena mwa olemba zimenezi ndi akatswiri enieni amene anayerekezera nthawi ndi malo mosamala, koma usiku umene ndege zinkagwa motsatizana chonchija, kulumikiza ndege ndi amene anaiwombera nthawi zina kumakhala kungoganizira. Ine ndimakhala ndi kope la magawo awiri. Kumanzere ndimalemba zimene ndaona ndi maso anga pa pepala la nthawi imeneyo, pamodzi ndi nambala ya fayilo. Kumanja ndimalemba zimene anthu akunena. Kwa agogowo muziwauza mbali imene mfundo iliyonse yachokera.

Pali ziwiri zimene zimandikhudza ndikamawerenga mabuku amenewa, ndipo sindizibisa. Form 541 imanena za ndege ndi mabomba, koma siitchula anthu amene anali pansi, monga pafupifupi 40,000 amene anafa ku Hamburg mu Julayi 1943. Ndimawakumbukira nawonso, osachotsa ulemu kwa anyamata a zaka 20 ndi 22 amene anatumidwa. China n'chakuti mnyamata wa RAF ali ndi fayilo, nambala ndi mwala, pamene mu 2021 Commonwealth War Graves Commission inavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Amtengatenga athu a ku Nyasaland ali m'gulu limenelo.

Inu muli ndi mwayi wina umene ine ndilibe. International Bomber Command Centre ili pa Canwick Hill, mphindi zochepa kuchokera pakati pa Lincoln. Inatsegulidwa mu 2018, ili ndi mndandanda waulere pa intaneti wa anthu oposa 57,000 a Bomber Command amene anafa, ndipo nthawi zambiri imasonyeza gulu lonse la ndege imodzi pamodzi. Panja pali chipilala chachitsulo chotalika mamita 31, kufanana ndi mapiko a Lancaster kuchoka kunsonga kufika kunsonga, ndipo mozungulira pali makoma a mayina, opanda maudindo. Mukaima pamenepo mumaona tchalitchi chachikulu cha Lincoln, chimene obwerera m'mamawa ankachiyang'ana kuti adziwe kuti afika. Yambani mwapeza pa webusaiti nambala ya khoma limene pali dzina la bambowo, kenako mupemphe chilolezo kuntchito ndi kwa achibale, muwatengere agogowo pa njinga yawo ya olumala tsiku lopanda mphepo. Paphiripo pamazizira, ndiye musaiwale bulangete. Mukapeza squadron ndi mayina asanu ndi awiri aja, mundilemberenso, ndidzakuonerani zimene zili ku Kew.