Funsani Amakaniko: Andibweza pabwalo la mjaho chifukwa cha phokoso

Funso: Ndili ndi Honda Civic ya injini ya malita 2 imene ndimathamangitsa pabwalo la mjaho kuno ku Britain. Ndinachotsa sailensa yapakati, n'kuika paipi ya mamilimita 76 ndi fyuluta ya mpweya yapamtetete. M'mawa anayeza phokoso la galimoto itaima n'kupeza 103 dB (madesibelo, muyezo wa kukula kwa phokoso), malire ali 105, koma nditangoyamba kuzungulira anandikwezera mbendera yakuda yondilamula kuchoka mumsewu wa mjaho, akuti ndikusokosa. Zatheka bwanji, nanga nditani kuti injini isafooke? Wowerenga wathu, Northampton.

Yankho: Achimwene, mayeso alipo awiri ndipo sayeza chinthu chimodzi. Pa oyambawo, makina oyezera amaikidwa theka la mita kuchokera kukamwa kwa ekizozi, mopendekeka madigiri 45, injini ikulira pa magawo atatu mwa anayi a polekezera pake. Ngati yanu imafika 8,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), amayeza pa 6,000. Nthawi imeneyo injini sikukoka kanthu, mwangoponda pang'ono. Achiwiriwo ndi a maikolofoni a m'mbali mwa msewu, amene amamva galimoto yonse ikudutsa mutaponda mafuta mpaka pansi. Ku Bedford Autodrome malire odziwika ndi 101 dB itaima ndi 87.5 ikudutsa, pomwe ku Brands Hatch masiku ambiri ndi 105 ndi 92. Mabwalowa ali ndi malire amene anagwirizana ndi makhonsolo chifukwa cha anthu okhala pafupi, choncho oyang'anira sakunyengererani. Dziwaninso kuti kutsitsa 3 dB yokha ndi kuchepetsa mphamvu ya phokoso ndi theka, si ntchito yaing'ono.

Ife tikukayikira kwambiri fyulutayo. Galimoto itaima, chitseko cha mpweya chimakhala chotseguka pang'ono, ndiye kutsogolo kuli zii. Mukaponda mpaka pansi chimatseguka chonse, ndipo kulira kwa mpweya wolowa kumatuluka popanda chotchinga. Bwezerani bokosi loyamba la fyuluta, kapena ikani lina lotsekeka bwino lokhala ndi paipi yotenga mpweya wozizira kutsogolo. Sizidula, ndipo injini imapindula chifukwa yasiya kupuma mpweya wotentha wa m'boneti.

Mukatero lowani pansi. Mwaye wakuda polumikizira mapaipi ndi chizindikiro choti utsi ukuthawira pamenepo, sinthani gasiketi ndi kumanga mabawuti.

Tsopano sailensa. Paipi ya mamilimita 76 yakula kwambiri pa injini ya malita 2 yopanda turbo. Ya 63 imakwana, ndipo imalira motsika. Chimene chimameza phokoso popanda kutsamwitsa injini ndi kukula kwa thupi la sailensa. Bwezerani yapakati ija, ya mtundu wa paipi yobowolabowola yodutsa molunjika, yokutidwa ndi ulusi wagalasi. Sankhani yaikulu kwambiri imene ingakwane pansipo, mwachitsanzo mamilimita 450 m'litali ndi 150 mulifupi, ndipo chibowo chake chamkati chifanane ndi paipi yanu. Mtundu umenewu umadya bwino kulira kosongoka kwa injini yothamanga, komwenso makina oyezera amamva kwambiri. Wowotcherera asiye mpata wa zala ziwiri pakati pa sailensa ndi thupi la galimoto, komanso aitalikitse ndi mapaipi a mafuta ndi a mabuleki.

Kachitsulo kolowetsa kumapeto kwa ekizozi kamene ambiri amakatcha dB killer kamatsitsadi phokoso, koma kamatero pochepetsa njira ya utsi. Injini imafooka pamwamba, ekizozi imatentha kwambiri, ndipo kakamangidwa ndi bawuti imodzi yosalimba kamafwamphukira galimoto yakumbuyo. Yendani nako m'bokosi la zida kuti tsiku lisakufereni, koma musakadalire. Mlomo wopindira pansi kapena kumbali yosiyana ndi maikolofoni umathandiza pang'ono (ku Laguna Seca ku California, komwe masiku ena malire ndi 90 dB, njirayi ndi yofala), koma mabwalo ena amaukana, ndiye funsiranitu.

Yezani nokha musanapite. Gulani makina oyezera enieni, foni imanama phokoso likakwera chonchi. Injini ikhale yotentha, pamalo poyera, kutali ndi makoma chifukwa amabweza phokoso. Musakhutire mpaka mutatsika ndi 2 kapena 3 dB pansi pa malire.

Funso: Sailensa yanga inkapambana mayeso chaka chatha, pano ikulephera, koma sindinasinthe kalikonse. Wowerenga wathu, Leeds.

Yankho: Ulusi wamkati wapsa kapena waulutsidwa ndi utsi. Igogodeni itazizira: ikamalira ngati chitini chopanda kanthu, ulusi watha. Ngati chivundikiro chake ndi cha marivheti, abowoleni, tulutsani paipi yamkati ndi kutsuka timabowo take totsekeka ndi mwaye. Kulungani kaye ulusi wachitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa ndiwo umapirira moto, kenako ulusi wagalasi pamwamba pake. Musathinitse kwambiri, ulusi wopanikizika umabweza phokoso m'malo molimeza. Pakani silikoni wopirira kutentha m'mphepete mwa chivundikiro musanamenye marivheti atsopano. Ngati injini ikudya mafuta mopitirira n'kumaphulitsa m'ekizozi mukachotsa phazi, ikonzeni kaye, apo ayi ulusi watsopanowo upsanso msanga.