Funsani Tikuyankheni: Kaboti ka pa Ilala kaja nkangozi?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndine mayi wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, mwezi wa mawa ndikufuna kupita ku Ruarwe kukazonda apongozi anga amene sakupeza bwino, ndipo aka kakhala koyamba kukwera sitima yapamadzi. Nde mwana wanga wandiuza kuti Ilala simafika kumtunda kumeneko, akuti amakutsitsirani mkaboti kotchedwa lifeboat. Ine mtima suli mmalo chifukwa ndimamva kuti lifeboat ndi ya pamene sitima ikumira. Zoona zake nziti? Kusambiranso sinditha.

YANKHO: Mayi khazikani mtima pansi, mwana wanuyo sananame koma wangokuuzani mbali imodzi. Ilala ndi sitima yaikulu, kutalika kwake mamita 52, anaipanga ku Glasgow ku Scotland mu 1949 nkubwera nayo zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathuyi mu 1951. Chinthu cholemera chonchi mimba yake imalowa kwambiri mmadzi, nde pamene palibe jeti, kamlatho kokochezapo sitima, sichingayandikire mchenga, chikhoza kutitimira kapena kugunda miyala. Inu mukakwerera pa Nkhata Bay mukatsika msewu wa M5, ndipo pa doko lililonse pamene sitima yakocheza pa jeti mumalowa ndi mapazi anu bwinobwino. Koma malo ngati Usisya ndi Ruarwe sitima imaima chapatali, nkuponya nangula, basi ntchito yotsala ndi ya maboti ang'onoang'ono aja.

Maboti amenewa amakhala chipachikire mmbali mwa sitima pa zitsulo zokhota zija, a zamasitima amazitcha davit, ndipo ikaima amawatsitsa ndi zingwe mpaka akhudze madzi. Zoona ndi ma lifeboat, tsiku la tsoka ndi omwewo opulumutsira anthu. Koma boti lililonse likamagwira ntchito yotumikira sitima yaikulu, kutenga anthu ndi katundu kupita nawo kumtunda nkubwerako ndi ena, dzina lake pa ntchito imeneyo ndi tender. Nde mukaona akulitsitsa musayambe kulira mayo, ndi ntchito ya pa doko lililonse lopanda jeti imeneyo.

Komatu pano ndisakunamizeni, pa ulendo onsewo mphindi zofunika kusamala kwenikweni ndi zimenezi, zochoka mu sitima kulowa mkaboti. Sitima imakhala yangoti duu pamene kaboti kakuvinavina ndi mafunde, kukwera kutsika, ndiye anthu amakhala akukankhana aliyense kufuna kukhala oyamba, wina thumba la chimanga pamutu wina mwana kumbuyo wina malata, ndipo nthawi zina izi zimachitika usiku ndi kuwala kwa tochi. Inu musalowe nawo mpikisanowo. Botilo limapita nkubwerera maulendo angapo, sitima sinyamuka anthu otsika asanathe. Katundu wanu perekani kaye kwa anyamata a mu sitimawo, manja onse awiri akhale opanda kanthu, dikirani kaboti kakwere ndi funde kafike pafupi ndi phazi lanu, pamenepo mpamene mukuponda, osati pamene kakutsika. Akakutambasulirani dzanja gwirani, musachite manyazi kuti ndi mwamuna wa eni.

Mukalowa khalani pansi pompo, chapakati, osaimirira olo muone apongozi akukuimikirani mkono kumtunda. Ndipo chonde chonde zala zanu zisagwire mlomo wa boti mbali imene yayang'ana sitima. Funde likakankha, boti limakafinyika ku chitsulo cha sitima, matayala akale amene mumawaona atapachikidwa mmbali mwa maboti aja ntchito yake ndi yomweyo yoteteza kugundana, koma chala chikapezeka pakati chimaphwanyika. Amene wagwira chiwongolero kumbuyo ndiye mfumu ya botilo, pa chizungu amati coxswain, akati sunthirani uku sunthani osafunsa chifukwa, iyeyo akuona mmene boti lapendekera inu simukuona.

Chimene chimandipweteka mtima ine nkudzaza. Lifeboat iliyonse imalembedwa pambali chiwerengero cha anthu oyenera kukwera, koma mudzaona anthu akungolumphiramobe madzi atatsala pang'ono kufika pa mlomo. Mukaona choncho bwererani mmbuyo mudikire ulendo winawo, ndipo funsani life jacket, si mwano ayi makamaka inu amene simutha kusambira. Pamabweranso maboti ndi mabwato a anthu a mmudzi kudzatenga anthu pa kandalama, ena ndi akatswiri ndithu anabadwira pamadzi pomwepo, koma poti nkoyamba ine ndingakonde mukwere la sitima lomwelo.

Kumtunda boti nthawi zambiri silifika pouma penipeni, mudzatsikira mmadzi ofika mmaondo mwinanso kuposa, nde valani zoti zikanyowa musadandaule, nsapato mmanja, foni ndi ndalama mangani mu jumbo. Miyezi ya June mpaka August kumakhala mwera, nyanja imalusa ndipo kutsika kumavutirapo. Tsiku ndi nthawi ya sitima funsani ku doko la Nkhata Bay musananyamuke ku Mzuzu, zimasinthasintha. Apongoziwo mukawapatse moni.

FUNSO: Ndine mnyamata wa ku Luwinga, ndalemba Fomu 4 ndipo ndimalakalaka ntchito ya pa sitima. Amalume anga amayendetsa thiraki ku Dar es Salaam ndi ku Beira, amakamba za tug ndi pilot boat. Kodi zimenezi nzofanana ndi timaboti ta pa Ilala?

YANKHO: Achimwene, onsewo ndi otumikira sitima zazikulu koma ntchito nzosiyana. Tug ndi kaboti kakafupi koma injini yake ndi yamphamvu zedi, sikanyamula anthu, ntchito yake nkukoka ndi chingwe kapena kukankha ndi mphuno zisitima zikuluzikulu za makontena zija polowa ndi potuluka pa doko, chifukwa pazokha sizingakhote pamalo opanikiza. Pilot boat imangonyamula munthu mmodzi wofunika, katswiri wodziwa njira ya pa dokolo, pamene pali mchenga ndi pamene pali pakuya, imakamusiya pa sitima ikadali kunja iye nkukwera pa makwerero a zingwe sitima ikuyenda, nkumulangiza kapitawo wa sitimayo mpaka afike. Ku Beira njira yolowera ndi yosaya komanso madzi amakwera nkutsika kwambiri tsiku lililonse, nde munthu ameneyu ngofunika zedi. Palinso lighter, chiboti chophwatalala chotsitsira katundu sitima ikaima patali.

Ndipo musaone ngati nzakunja zokhazokha. Pitani pa Nkhata Bay madzulo mwezi ukakhala mumdima muone asodzi a usipa, bwato la siginala lokhala ndi nyali limapita limodzi ndi boti lalikulu, iye kuitana nsomba ndi kuwala anzake nkuzinga ndi ukonde wa chilimila, nakonso nkutumikirana komweko.

Za sukulu, ku Monkey Bay kuli Marine Training College komwe amaphunzitsa zoyendetsa sitima ndi za injini, kafunseni kumeneko zoyenereza za chaka chino, koma masamu ndi sayansi zikhale bwino. Podikira yambani kuloweza izi: kutsogolo kwa sitima ndi bow, kumbuyo stern, mukayang'ana kutsogolo dzanja lamanzere ndi port ndipo usiku kumayaka nyali yofiira, lamanja ndi starboard nyali yake yobiriwira. Kusambiranso phunzirani pano pano ngati simutha.