Achimwene, mpeniwo usagone kwa munthu

Achimwene, mawu amene wakuuzani munthu wapamsikayo, akuti "usiyeni ndikaonetse bwana wanga, mubwere Loweruka", ine ndinawamvapo ndi makutu angawa. Ndawerenga positi yanu ija ya mpeni wakale wankhondo umene mwakaonetsa kwa wogula pamsika, ndili m'tekisi, ndipo thupi lonse lachita tsembwe. Musausiye. Ngakhale ola limodzi. Ndipo inu amene mukulemba m'makomenti kuti aupititse pa girainda uwale kaye, chonde khalani chete, mumuphetsa mnzanu ndi njala.

Ine ndinagwira ya m'gadeni zaka 9 kwa madala ena achizungu cha ku Parkview, kuno ku Joni. Anali ndi chipinda chodzaza malupanga ndi mipeni yankhondo khoma lonse. Loweruka ndikamaliza kutchetcha kapinga ankandiitana, kundipatsa kansanza ndi mafuta, n'kumandiuza kuti ili ndi la chaka chakuti, ili linachokera kwakuti. Ndi iwo anayamba kunditengera ku museum ya zankhondo ya ku Saxonwold, kuseri kwa Zoo, ija anatsegula Smuts, nduna yaikulu ya South Africa nthawi imeneyo, mu 1947. Tsiku limene ndinawauza kuti agogo anga aamuna anali msilikali wa Keyala, analembedwa ku Zomba ndipo anakafika ku Burma, madala aja anadzuka pampando n'kundigwira chanza ngati andiona koyamba.

Atamwalira ana awo anabwera kuchokera kunja n'kugulitsa zonse. Koma adona anabisa lupanga limodzi n'kundipatsa pamodzi ndi kakalata kosonyeza kuti andipatsa okha. Linali la ofisala wa asilikali oyenda pansi, mtundu wa 1897. Pachitsulo chotchinga dzanja panali zilembo VR, za Mfumukazi Victoria, ndiye kuti linapangidwa iye asanamwalire mu 1901, nthawi ya nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi imene inayamba mu 1899. Chogwirira chinali chokutidwa ndi khungu la nsomba, chokulungidwa ndi waya. M'munsi mwa mpeni munali kabatani kamkuwa pakati pa nyenyezi ya nsonga 6, ndipo pamsana pake panali nambala. Malupanga a Wilkinson a ku London anayamba kuwaika manambala mu 1854 ndipo mabuku awo alipobe, moti ndi nambala imeneyo nthawi zambiri mutha kudziwa amene analigula koyamba. Madala anandiuza zimenezi kangapo konse. Ine nambalayo sindinailembe paliponse, sindinaijambule. Ndinkangoti ndi langa, lili kuseri kwa wadirobu, lipita kuti.

Ntchito inatha, nyumba ija inagulitsidwa. Miyezi itatu ndikungoyendera mapisiweki, lendi ku Rosettenville ikudikira, kenako foni yochokera kumudzi kuti mayi agonekedwa. Ndiye anabwera mnzanga, mwana wakwathu weniweni, woti tinakwera basi imodzi pobwera ku Joni, tinagawana buledi pa Beitbridge. Akuti ndikudziwa munthu amene amagula zoterezi, usadandaule.

Tinapita Lamlungu pamsika wina wa zinthu zakale. Bamboyo anali ndi tebulo lalitali, mamendulo, zipewa zachitsulo, mipeni yakumfuti italindana. Analisolola, n'kuliyang'ana nthawi yaitali pamsana paja. Ndinaona maso ake. Kenako anakwinya nkhope, akuti oterewa ndi ambiri, mwina ndi lopanga ku India, koma lisiye ndikafunse wodziwa, nayi R500 ugwirizire. Mnzanga uja akundigwira paphewa, "tenga aise, ameneyu ndi munthu wabwino." Ine m'mutu muli mayi ali pabedi. Ndinatenga. Ndalamayo ndinatumiza tsiku lomwelo.

Sabata itatha ndinabwererako. Akuti pepa, ndi feki, tenga katundu wako, R500 ija udzabweza ukapeza. Anandipatsa lili m'chimake, lokulungidwa munyuzi, ndipo ndinafika pomuthokoza. Tangoganizani, kumuthokoza. Ndinafika kuchipinda cha m'ma 4 koloko, ndinakhala pabedi, ndinamasula nyuzi ija. Chimake chinali changa ndithu, chachikopa chofiirira, chong'ambika pang'ono kunsonga. Nditangogwira chogwirira dzanja langa linadziwa mutu usanadziwe. Langa linali ndi waya womasuka pamzere wachitatu, umene unkandikanda chala nthawi zonse ndikamalipukuta. Apa waya yense anali gwa, watsopano. Ndinasolola. Linatuluka movuta, likukhulana ndi chimake, pomwe langa linkatuluka ngati lapakidwa batala. Fungo lake la mankhwala, ngati viniga wosakaniza ndi girisi. Maluwa apampeni osazama, ngati ojambula ndi pensulo. Ndinalitembenuza kuti ndione pamsana. Pee, popanda nambala. Ndinapita pawindo, ndinayatsa tochi ya foni dzuwa likuwala, ndinapukuta ndi malaya, ndinakanda ndi chikhadabo, kuganiza kuti mwina dothi latseka. Palibe. Ndinakhala pansi pasimenti lili pamiyendo, ndipo ndinalira ngati mwana, aneba mpaka anagogoda.

Lamlungu linalo ndinalawirira tebulo lake asanamalize kuyala. Ndinalankhula mwaulemu, ndinati bwana mwina mwasokoneza. Sanandiyang'ane n'komwe. Akuti uli ndi umboni wanji? Ndinatulutsa kakalata ka adona. Anakawerenga n'kuseka, akuti apa alemba kuti lupanga, nalo lupanga uli nalo m'manja. Kenako anatsitsa mawu, akuti iwe mlendo ukuyenda ndi chida pagulu, ndiitane apolisi tione mapepala ako? Achimwene, masiku anga mupasipoti anali atatha kalekale. Anthu anayamba kutembenuka. Ndinakulunga chitsulo chake chija munyuzi n'kuchoka ndili zyoli, miyendo ikunjenjemera mpaka parenki.

Munthu ameneyo ndi mbava yovala bwino, ndipo amadziwa amene akuwabera: ife a m'gadeni ndi a m'nyumba amene timapatsidwa zinthu mabwana akamwalira kapena akamasamuka, osadziwa mtengo wake, oopa polisi. Koma amene amandiwawa mpaka lero ndi mwana wakwathu uja. Ndinamva kwa ena kuti ankalandira kangachepe pa munthu aliyense amene wamubweretsa, ndipo sindinali woyamba. Anandimata phula m'maso akudziwa kuti mayi anga ali m'chipatala. Mayi ake ndi mayi anga amatunga pachitsime chimodzi. Pamaliro a anzathu kuno timakumana, amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ine ndimangoyang'ana kumbali.

Chimene ndinadzadziwa mochedwa n'chakuti lamulo la kuno la zida zoopsa, la 2013, sililetsa kusunga malupanga akale ngati zokongoletsa kapena zosonkhanitsa. Mlandu umakhalapo ngati wapezeka ndi chida m'njira yokayikitsa kuti ukufuna kuchita nacho choipa. Ankangondiopseza. Komabe musayende nawo m'chiuno kapena m'jekete mpeni wanuwo, ukulungeni bwinobwino muuike pansi pa chikwama, ndipo kalata ya amene anakupatsani ikhale m'thumba, yolembedwa zilembo ndi manambala onse a pampenipo.

Tsono wanuwo, mwati pali chisoti chachifumu ndi 1907. Umenewo ndi mpeni wakumfuti ya Lee-Enfield, ija ya .303, kutalika kwake mainchesi 17 osawerengera chogwirira. 1907 si chaka chimene unapangidwa, ndi dzina la mtundu wake. Yang'anani pansi pake mupeza manambala ena ang'onoang'ono, monga 8 ndi 17, kutanthauza Ogasiti 1917, ndi dzina la opanga, kaya Wilkinson, Sanderson kapena Chapman. Inapangidwa yambirimbiri, ndiye musayembekeze kumangira nyumba. Yosowa ndi ija yoyambirira yokhala ndi kangowe kopindika pachotchinga dzanja, chifukwa kangoweko anasiya kuikapo mu 1913. Ngati wanu uli nako, n'chifukwa chake munthuyo akuufuna ugone kwake. Koma dziwaninso kuti akathyali amawotcherera kangoweko pa mipeni wamba.

Dzimbiri musalimbane nalo. Sandipepa ayi, girainda ayi, viniga ayi. Kuda kwakeko n'kumene ogula amalipira. Donthezani mafuta a makina osokera, pukutani ndi nsanza yofewa, basi. Chabwino, ngati dzimbirilo ndi lofiira lonyenyeka, khulani pang'onopang'ono ndi sitiliwulo yofewetsetsa, ya 0000, yonyowa ndi mafuta, ine ndimatero, koma osafika pazilembo.

Kunena zoona ine ndikanakhala inu sindikanagulitsa. Mipeni yotereyi ndi imene agogo athu ananyamula pa nkhondo ya Chiwaya ndi ya Hitler, mayina a anzawo amene sanabwerere ali pachipilala cha ku Zomba. Ana anu adzaugwire. Mukafuna kupita nawo kumudzi funsani kaye a SAHRA, bungwe la boma loyang'anira zinthu zakale, chifukwa zinthu zakale zankhondo zina sizituluka m'dziko muno popanda chilolezo, ndipo musaupereke kwa matransipota. Koma lendi ikakufinyani gulitsani ndithu, mpeni sadya, palibe angakunyozeni. Onetsani ogula atatu osiyana, m'mashopu okhala ndi chitseko ndi risiti, ndalama m'dzanja ili mpeni m'dzanja ilo. Musadalire munthu aliyense, ngakhale wakwanu. Pitani ndi mnzanu wa mapepala abwino aziima pambali panu.

Musanachite chilichonse jambulani mbali zonse ziwiri za m'munsi mwa mpeni, chogwirira ndi chimake chomwe, pa dzuwa. Ponyani pompano kapena ku inbox kwanga ndikuwerengereni tsiku lake. Ndiweruka 5 koloko.