Mboni imene inaona zonse sinaloledwe kulankhula

Achimwene, musadabwe kuti amene anapha George Wythe, woweruza wotchuka wa ku Virginia m'dziko la America, sanalangidwe, pakuti mboni imene inaona zonse inali mayi wachikuda, ndipo lamulo la ku Virginia silinkalola munthu wachikuda kupereka umboni wotsutsa mzungu. Ndikulemba mtima ukundiwawa chifukwa zofanana ndi zimenezi zinagwa pakhomo pathu.

Wythe sanali munthu wamba. Anabadwa mu 1726, anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Virginia kwa zaka zambiri, anasaina chikalata cha ufulu wa America mu 1776, chaka chotsatira anasankhidwa kukhala sipikala, kenako anakhala woweruza wa khoti lina lalikulu la ku Virginia, lotchedwa Chancery, mpaka imfa yake. Thomas Jefferson, amene anadzakhala pulezidenti wa America, ndi John Marshall, amene anadzakhala mkulu wa oweruza m'dzikolo, anaphunzira malamulo kwa iyeyu. Popeza analibe mwana, anasunga m'nyumba mwake mumzinda wa Richmond mdzukulu wa mlongo wake, George Wythe Sweeney, mnyamata wa juga amene ankaba mabuku a nkhalambayo n'kumasainira macheke m'dzina lake.

M'mawa wa pa 25 May 1806 anthu atatu anamwa khofi m'nyumbamo: Wythe mwini wake, wophika wake Lydia Broadnax amene anali atamumasula ku ukapolo, ndi mnyamata wachikuda Michael Brown, amene dzina lake linalimo mu wilo ya Wythe. Onse anayamba kusanza ndi kupotokola m'mimba. Michael anamwalira pa 1 June. Wythe, wa zaka 80, anazunzika milungu iwiri, anaitanitsa wilo ija ali chigonere n'kumuchotsamo Sweeney, ndipo anatsirizika pa 8 June. Lydia anapulumuka koma maso ake anaonongeka. Iyeyu ndiye ananena kuti anamuona Sweeney pafupi ndi mphika wa khofi akuponya kapepala pamoto, koma khoti silinamve mawu ake ngakhale amodzi. Madokotala amene anapima mtembo nawonso anakanika kutsimikiza kuti inali poizoni ya arsenic, maloya a Sweeney, William Wirt ndi Edmund Randolph, anapezerapo mpata, ndipo Sweeney anapezeka wosalakwa. Chondinyansa kwambiri n'chakuti Wythe yemweyo anali m'gulu lokonzanso malamulo a Virginia pamodzi ndi Jefferson ndi Edmund Pendleton, ndipo lamulo lotseka pakamwa anthu achikudali analisiya momwemo.

Bambo anga atamwalira, mtembo usanatuluke m'nyumba, bambo aang'ono analowa kuchipinda n'kutenga kasutikesi ka buluu momwe munali mapepala a nyumba ndi buku la kubanki. Mayi amene anatigwirira ntchito zaka khumi ndi ziwiri anawaona ndi maso awo akukabisa m'galimoto. Tsiku la msonkhano wa banja mayiwo anagwada pakhomo kuti afotokoze, koma bambo aang'onowo anangotukula dzanja n'kunena kuti wantchito salankhula pa nkhani za abale. Azakhali onse anayang'ana pansi, mayi anga ali pamphasa ndi mpango wakuda, ndipo ine ndinakhala chete ngati chitsiru chifukwa ndinkaopa kutchedwa mwana wamwano. Bambo aang'onowo ndi munthu amene bambo anga anamulipirira sukulu mpaka kumupezera ntchito! Lero amakhala kutsogolo m'tchalitchi, nyumba ija akuchititsa lendi.

Malangizo anga kwa inu ndi akuti lembani wilo mukadali ndi mphamvu, ndipo muiwerenge pamaso pa abale onse kuti pasadzakhale wonamizira kusadziwa. Ndikudziwa kuti anthu ambiri amakhulupirira kuti kudziwa za mu wilo ndiko kunam'pangitsa Sweeney kufulumira, komabe ine sindingabisenso pepala m'sutikesi. Muisungitse kwa loya, ndipo wachibale amene wayamba kale kukuberani timabuku ndi tindalama musam'lekerere kugona m'nyumba mwanu, ngakhale atakhala mwana wa mlongo wanu weniweni.